Mwana Wolumala Nayenso Tizimuyang'ana M'maso

Amayi anzanga, nkhani ya sabata ino yachokera pa zimene zidachitikira mayi wina wa kumidzi ya kufupi ndi Mkanda, konkuno ku Mchinji. Dzina lake sititchula, pakuti chimene tikufuna ndi phunziro lake. Mayiyu ali ndi mwana wamkazi amene adabadwa wosamva. Popeza mwanayo sadamvepo liwu la munthu, iye ndi amake adapanga chinenero chawochawo cha manja. Amake akaloza pakamwa ndiye kuti nsima yapsa, akagwira pamutu ndiye kuti tiye kumjigo. Adakhala akumvana motero mpaka mwanayo adakwanitsa zaka 6. Koma chaka chotsatira zinthu zidayamba kusintha. Amake akamukodola ali pakhonde iye ali pabwalo, mwanayo ankangokhala duu. Akamutuma chipande, ankabwerako ndi mthiko. Adaleka kusewera fulaye ndi anzake nayamba kubindikira m'nyumba.

Apongozi adati mwanayo wayamba mwano. Anansi ena adati mutu wake wayamba kusokonekera. Bambo wake adati palibe chachilendo, ndi mmene adabadwira. Idatha miyezi yambiri, kufikira tsiku lina pamene mlangizi wa zaumoyo adabwera kudzayendera zimbudzi m'mudzimo. Iyeyo adaona kuti mwanayo akuyandikitsa chinthu chilichonse kumphuno kuti achizindikire, ndipo adalangiza makolowo kuti apite naye kuchipatala. Kumeneko adapeza kuti maso onse awiri ayamba ng'ala. Mwanayo sadali wamwano ayi. Manja a amake, amene adali mawu okhawo amene iye ankawadziwa, adali atayamba kuzimirira ngati munthu woyenda m'nkhungu.

Chifukwa chiyani timachedwa kuzindikira?

Mwana wopanda ulumali akayamba kuvutika maso amanena yekha kuti sakuona pabolodi, ndipo akapanda kunena, aphunzitsi amatiuza. Koma mwana wosamva, wosalankhula, kapena wochedwa kukhwima nzeru alibe njira yotiuzira. Ndiponso mwana amene adabadwa akuona mwa chimbuuzi amayesa kuti dziko limaoneka choncho kwa aliyense, motero sadandaula.

Chachiwiri n'chakuti ulumali umene ukuoneka umaphimba umene sukuoneka. Mwana akapunthwa timati ndi miyendo yake. Akalephera kutola chakudya m'mbale timati ndi manja ake. Akalephera m'kalasi timati ndi nzeru zake. Zolakwa zonse timaziunjika pa ulumali umene tidauzolowera, pamene zina mwa izo zikuchokera m'maso ndipo zili ndi mankhwala.

Chachitatu n'chakuti mwana wolumala sapita kawirikawiri kumene ana anzake amapimidwa. Mwana wa zaka 4 amene sayenda ndi wolemera kumsana, ndipo mng'ono wake akabadwa, mayi amabereka wamng'onoyo popita kusikelo, wamkulu n'kutsala ndi agogo. Ena amamusiya pakhomo chifukwa chotopa ndi maso a anthu. Mwakutero mwanayo amaphonya katemera, amaphonya vitamini A, ndipo palibe wachipatala amene amamuyang'ana m'maso.

Vutoli si laling'ono. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 5 ndi kuposerapo, anthu oposa 1.5 miliyoni, ndiko kuti munthu mmodzi mwa 10 alionse, ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la iwowa adatchula vuto la kuona. Kalembera yemweyo adawerenga anthu oposa 600,000 m'boma lathu lino la Mchinji. Tsono tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Ili m'midzi mwathu momwemu, kwa Mlonyeni, kwa Zulu, kwa Mavwere, kwa Dambe ndi kwina konse.

Ana ofunika kuwayang'anitsitsa

Madokotala amadziwa kuti ana olumala amavutika maso kawirikawiri kuposa ana ena, pakuti chimene chidavulaza chiwalo chimodzi nthawi zambiri chimakhudzanso maso kapena ubongo umene umamasulira zimene maso aona.

Oyamba ndi ana amene ubongo wawo udavulala pobadwa, kaya chifukwa chochedwa kulira, kubadwa masiku asanakwane, kapena chikasu champhamvu cha m'masiku oyamba. Anawa amakhala ouma kapena olobodoka ziwalo, ndipo kuchipatala matendawa amawatcha cerebral palsy. Ambiri mwa iwo diso limodzi limayang'ana kumbali pamene linzake layang'ana kutsogolo, ena amafunika magalasi, ndipo ena maso awo amaoneka abwinobwino koma ubongo ndiwo umavutika kuzindikira chimene aona. Mwana wotere amatha kuona kapu imodzi yofiira ili yokha pamphasa, koma osaiona ikakhala pakati pa ziwiya zambiri.

Achiwiri ndi ana obadwa ndi Down syndrome, amene amachedwa kukhala pansi, kuyenda ndi kulankhula. Oposa theka la anawa amakhala ndi vuto lina la maso: ena ng'ala, ena kusaona patali kapena pafupi, ena misozi yosaleka. Magalasi okha amatha kusintha kwambiri maphunziro a mwana wotere.

Achitatu ndi ana osamva. Pali nthenda ina yofanana ndi chikuku, yotchedwa rubella, imene mayi akaidwala m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, mwana amatha kubadwa wosamva, wa ng'ala ndiponso wa vuto la mtima, zonsezo pamodzi. Mayi mwini amangomva kutentha thupi pang'ono ndi tizidzolo, n'kuiwala. Kuyambira chaka cha 2017 katemera wa rubella amaperekedwa m'dziko muno pamodzi ndi wa chikuku, mwana akakwanitsa miyezi 9 ndiponso miyezi 15. Kaya kusamvako kudabwera ndi chiyani, kumbukirani kuti kwa mwana wosamva maso ndiwo makutu ake.

Achinayi ndi ana amene adapulumuka ku malungo a muubongo kapena ku nthenda youmitsa khosi. Ena amatsitsimuka ali osaona. Mwa amene adadwala malungo, ambiri amayambanso kuona pang'onopang'ono pakapita masabata kapena miyezi, koma amafunika kuonedwanso ndi achipatala, makamaka ngati atsala ndi khunyu kapena kufooka kwa ziwalo. Ubale wa malungo ndi maso udafufuzidwa kwambiri m'dziko lathu lomwe lino. Mu 1993 Dr Susan Lewallen ndi anzake adalongosola zizindikiro zimene zimaoneka mkati mwa maso a ana odwala malungo a muubongo ku Blantyre, ndipo lero madokotala a m'maiko ambiri amasuzumira m'diso la mwana wokomoka pofuna kutsimikiza ngati ndi malungodi.

Achisanu ndi ana achialubino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi. Pafupifupi mwana aliyense wachialubino amaona movutikira kuyambira pobadwa. Maso ake amagwedezeka uku ndi uku, kuwala kwa dzuwa kumamupweteka, ndipo zinthu zakutali saziona bwino. Izi si zamatsenga, ndipo chialubino sichipha maso kotheratu. Mwanayu amatha kuwerenga zilembo zikuluzikulu ngati anzake onse. Akayandikitsa buku kumaso musamuletse, pakuti kutero sikuwononga maso. Chiwembu chimene chidakula m'dziko muno kuyambira mu 2014 chidachititsa makolo ena kusunga anawa m'nyumba. Mantha amenewo ngomveka, koma tiyeni tiziwaperekeza kusukulu ndi kuchipatala m'malo mowabisa.

Mmene mungapimire muli pakhomo

Simufunika chipangizo chilichonse kuti muyambe. Mufunika kudekha basi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani nthawi imene mwana wakhuta ndipo sakuwodzera, mukhale naye pamthunzi powala bwino.

Khanda la masabata 6 mpaka 8 liyenera kuyang'ana nkhope yanu poyamwa ndi kuyamba kumwetulira mukamwetulira. La miyezi 3 liyenera kutsatira ndi maso chinthu cha mtundu wowala mukachiyendetsa pang'onopang'ono patsogolo pake. Chitani zimenezi mwakachetechete, osaimba mluzu kapena kugwedeza makiyi, pakuti mwana wosaona amatembenukira kumene kwamveka phokoso ndipo akhoza kukunyengani. Wa miyezi 6 amatambasula dzanja kuti agwire chimene waona. Ngati manja ake ndi ouma, muyang'aneni maso ake osati manja, ndipo mupatseni nthawi, chifukwa ana ena amachedwa kuyankha. Wokulirapo muikireni kachidutswa ka mbatata yophika pambale yoyera, muone ngati akukapeza ndi maso kapena mofufuza ndi zala.

Kenaka phimbani diso lake limodzi ndi chikhatho chanu, osalitsindira, ndipo pambuyo pake phimbani linalo. Ngati salabadira mukaphimba lakumanzere koma akulira ndi kukankha dzanja lanu mukaphimba lakumanja, mwina lakumanzerelo siliona bwino.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira tsiku la sikelo. Mukaona choyera pakati pa diso, paja pamakhala pakuda, pitani kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso, imene imachizika ikapezeka msanga koma imapha ikachedwa. Khanda likatupa zikope ndi kutuluka mafinya m'masiku oyamba, pitani tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mwana wodwala chikuku akakana kutsegula maso. Maso aakulu kwambiri, otuluka misozi nthawi zonse ndi oopa kuwala, amene anthu amawayamikira kuti ngokongola, nthawi zina amasonyeza kuti madzi achuluka m'diso. Diso loyang'anabe kumbali mwana atapitirira miyezi 6 nalonso lifunika kupimidwa. Ndipo mwana amene mutu wake ukukula mopitirira, maso n'kumayang'ana pansi, asachedwetsedwe pakhomo.

M'mera mpoyamba

Amayi ambiri amauzidwa ndi achibale kuti ng'ala iyambe yakhwima, kapena kuti mwanayo akule kaye. Malangizo amenewa amatayitsa maso a ana. Kuona ndi chinthu chimene ubongo umaphunzira, monga umaphunzirira kulankhula. Umaphunzira mofulumira m'miyezi yoyamba, ndipo mwana akafika zaka 7 kapena 8 kuphunzirako kumakhala kutatsala pang'ono kutha. Khanda lobadwa ndi ng'ala yaikulu liyenera kuchitidwa opaleshoni m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba. Mukadikira zaka 10, dokotala adzaichotsadi ng'alayo, diso lidzayera, koma ubongo umene sudaphunzire kuona sudzapindula mokwanira. Mwana wa mayi wa ku Mkanda uja adali ndi mwayi chifukwa ng'ala yake idayamba mochedwa, ubongo wake utaphunzira kale kuona.

Opaleshoni ikatha ntchito sinathe. Mwana amafunika madontho a m'maso pa nthawi yake, magalasi, ndi kubwereranso kuchipatala pa masiku amene alembedwa m'buku lake. Ena amauzidwa kuphimba diso lamphamvu maola angapo tsiku lililonse kuti lofookalo lizolowere ntchito. Mwana amalira, agogo amachonderera kuti mumumasule, koma pamenepo mpofunika mtima wa mayi kulimba.

Tisathire kanthu m'diso

Mwana akafiira maso, alangizi amachuluka. Wina amati finyirani madzi a masamba akutiakuti, wina amati mkaka wa m'mawere, wina mkodzo, wina madzi a shuga. Kafukufuku wa Paul Courtright ndi anzake, amene adasindikizidwa mu 1994, adapeza kuti mwa odwala zilonda za pagalasi la diso amene adafika m'zipatala za kumidzi m'Malawi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali atathirapo kale mankhwala achikuda. Diso ndi lanthete kwabasi. Chimene chikadapola ndi mankhwala a kuchipatala pa sabata imodzi chimasanduka chipsera choyera cha moyo wonse. Musagulenso madontho a m'maso pamsika kapena kugwiritsa ntchito otsala kwa munthu wina, chifukwa ena mwa iwo amakulitsa chilonda. Chimene mungachite pakhomo ndi kupukuta manthongo ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi owiritsa atazirala, kenaka kunyamuka.

Chakudya nacho chimateteza maso. Mwana wovutika kutafuna ndi kumeza amaonda msanga ndipo vitamini A amamuperewera. Chizindikiro choyamba n'chakuti amapunthwa kapena kukana kusuntha kukachita chisisira. Mupatseni maungu, mbatata yofiira mkati, mapapaya, mango, mazira, ndi masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi kholowa, zonse zopotedwa bwino kuti zimezeke. Ife a ku Mchinji tidadalitsidwa ndi mtedza, ndipo ndiwo zotendera nsinjiro zimathandiza thupi kulandira vitaminiyu, chifukwa amayenda ndi mafuta. Musagulitse mtedza wonse kwa mavenda. Kusikelo nako vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, kuyambira mwana ali ndi miyezi 6 kufikira zaka 5, ndipo mwana wolumala ali ndi gawo lake pamenepo.

Zimene Mchinji adachita kale

Wina akhoza kunena kuti zonsezi n'zosatheka kwa mayi wa kumudzi. Koma boma lathu lomwe lino lili ndi umboni. Mu 2008 Dr Khumbo Kalua ndi anzake adapima anthu ku Mchinji ndi ku Chikwawa kufunafuna trachoma, nthenda ija yofalitsidwa ndi ntchentche, zala ndi nsalu, imene pomaliza imapindira nsidze mkati n'kumakanda diso mpaka khungu. Adapeza kuti ku Mchinji ana pafupifupi 22 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 1 ndi 9 adali ndi zizindikiro zake, kuposa ku Chikwawa kumene adali pafupifupi 14. Kuyambira mu 2011 mankhwala a azithromycin adagawidwa mudzi ndi mudzi, ndipo anthu adalimbikitsidwa kusukusula ana ndi kukumba zimbudzi. Mu September 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, woyamba kutero kummwera kwa Africa kuno. Mankhwala adachokera kutali, koma amene ankafola ndi ana pamzere ndi kuwasambitsa kumaso m'mawa uliwonse adali amayi. Ngati tidatha zimenezo, sitingalephere kuyang'ana m'maso mwa mwana mmodzi amene ali pakhomo pathu.

Kopita ndi zonena

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, kaya ndi Mkanda, Kochilira, Kapiri, Guillime, Ludzi kapena china. Nyamulani buku la kuchipatala la mwanayo. Mukafika nenani molunjika kuti mwabwera chifukwa cha maso, ndipo fotokozani chimene mwaona ndi nthawi imene chidayamba, kuti nkhani isathere pa miyendo kapena pa khunyu. Musachite manyazi kufunsa, paja safunsa adadya phula. Pemphani kalata yopita nayo kwa oona za maso pa chipatala cha boma cha Mchinji. Zikakhala zazikulu amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo ana ambiri ofunika opaleshoni ya ng'ala akhala akuthandizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Abale athu a tsidya la malire, ku Chipata, amadziwa chipatala cha Mwami, chimene nachonso chimathandiza odwala maso.

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma ulendo ndiwo umadya ndalama. Nkhani imeneyi ikambidwe ndi bambo m'nyumba mofatsa, makamaka pa nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, kuti ndalama ya ulendo wa mwanayo ipatulidwe isanathe. Amayi a m'mabanki a m'mudzi ndi a m'magulu a kumpingo, apa mpamene mnzanu akukufunani. Wina amuperekeze, wina amusamalire ana otsala, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Maso akapanda kuchira

Si maso onse amene amachira, koma mwana aliyense akhoza kuphunzira. Woona pang'ono akhale kutsogolo m'kalasi, kumene kuwala kwa pazenera sikumuthobwa. Pemphani aphunzitsi kuti azilemba zilembo zazikulu ndi kutchula mokweza zimene akulemba. Wachialubino aloledwe kuvala chipewa cha mlomo waukulu ndi zovala za manja aatali. Pakhomo musamasunthesunthe ziwiya, ndipo muzimuuza musanamugwire kapena kumudyetsa, kuti asamadzidzimuke.

Maphunziro a ana osaona si achilendo m'dera lathu lino. Mu 1905 mayi wina wa mishoni ya Dutch Reformed, Issie Hofmeyr, adayamba kuphunzitsa ana osaona ku Magwero, kufupi ndi Chipata, patsidya pomwepa, ndipo iye atamwalira ntchitoyo adaipitiriza ndi mayi mnzake, Ella Botes. Kuno kwathu sukulu ya Chilanga ku Kasungu idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo palinso ya Malingunde ku Lilongwe. Aphunzitsi a ana otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Bungwe limene ambirife tidalizolowera ndi dzina lakuti MACOHA, lochokera pa lamulo la 1971, tsopano limatchedwa MACODA potsatira lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Palinso bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, la anthu achialubino la APAM, ndi la anthu osaona la Malawi Union of the Blind. Funsani ku ofesi ya zamaphunziro kapena ya zachisamaliro cha anthu pa boma kuti akulozereni.

Mwana wa ku Mkanda uja adachitidwa opaleshoni, ndipo lero amavala magalasi omangidwa ndi kachingwe kumbuyo kwa mutu kuti asagwe posewera. Kusamva kwake kulipobe, ndipo amake akusungabe ndalama pang'onopang'ono za ulendo wina wokapimitsa. Koma akamukodola ali pakhonde, amabwera. Inunso amayi, madzulo ano mukatha kutsuka mbale, khalani pansi ndi mwana wanu uja, mutenge kapu yofiira, muiyendetse mwakachetechete patsogolo pake, muone chimene maso ake achite. Ndipo ngati mwana wotere ali pakhomo pa mnansi wanu, muwerengereni mnzanuyo nkhaniyi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.